Ulosi wa mvula umachokera ku masamu: Nsadzo ikufunika achinyamata odziwa kulemba mapulogalamu a kompyuta

Mwezi wa Novembala ukamayandikira, mlimi wa ku Nsadzo, m'boma la Chifunde, amakhala ndi funso limodzi: abzale ndi mvula yoyamba kapena adikire kaye? Wobzala msanga, ng'amba n'kumupeza, amataya mbewu ndi feteleza zomwe nthawi zambiri anatenga pangongole. Wochedwa naye mvula imamuthera chimanga chisanakhwime.

Nyengo ya 2023/2024 inaonetsa kuopsa kwa funsoli. Chifukwa cha El Niño, mwezi wa Febuluwale 2024 unauma kwambiri panthawi imene chimanga chimafuna madzi ochuluka. Dziko la Zambia linalengeza kuti lili pangozi ya chilala pa 29 Febuluwale, Malawi n'kutsatira pa 23 Marichi. Dzuwa silinasankhe malire: linawotcha minda ya ku Cassacatiza mofanana ndi ya kutsidya, ku Chanida ndi Katete. Pofika kumapeto kwa chakacho, madzi a m'damu la Cahora Bassa anali atatsika kwambiri.

Chenjezo la El Niño linali litaperekedwa mvula isanayambe. Vuto n'lakuti ulosi wa nyengo yonse, monga umene bungwe la Instituto Nacional de Meteorologia, INAM, limatulutsa, umakamba za dera lalikulu komanso miyezi itatuitatu: Okutobala mpaka Disembala, Januwale mpaka Marichi. Umanena ngati mvula ingakhale yapakatikati, yochepa kapena yochuluka. Sunena kuti munda wamchenga wa m'mudzi wakutiwakuti upirira masiku angati opanda mvula. Kuti ulosi ufike pamlingo wa munda, pamafunika munthu wodziwa masamu ndi kompyuta, wodziwanso dothi la kwawo.

Ulosi wa nyengo umapangidwa ndi masamu a mtundu wina, osiyana ndi aja amene yankho limatuluka kamodzi n'kutha. Mphepo, kutentha ndi chinyezi zimasinthana mosalekeza, moti palibe samu imodzi imene ingapereke nyengo ya mawa. Akatswiri amagawa mlengalenga m'timabokosi tambirimbiri, nthawinso amaidula m'tizigawo ta mphindi zochepa. Amawerengera zimene zichitike m'kachigawo koyamba, yankholo n'kukhala poyambira pa kachigawo kachiwiri, mpaka kufika mawa kapena sabata yamawa. Njira yoyenda pang'onopang'ono chotere inafotokozedwa ndi katswiri wa masamu Leonhard Euler mu 1768.

Mngelezi wina, Lewis Fry Richardson, anayesa njirayi pamanja n'kufalitsa zotsatira zake mu 1922. Kuwerengera nyengo ya maola 6 kunamutengera pafupifupi masabata 6, ndipo iye anaganiza kuti pangafunike anthu 64,000 owerengera limodzi kuti ulosi wa dziko lonse lapansi uzituluka nthawi yake. Ntchitoyi inatheka mu 1950, pamene kompyuta yotchedwa ENIAC ku America inatulutsa ulosi wa tsiku limodzi. Lero likulu la zanyengo la mayiko a ku Ulaya, ECMWF, limagwiritsa ntchito timabokosi ta makilomita pafupifupi 9. Kulemba pulogalamu ndiko kuuza kompyuta sitepe iliyonse ya masamuwo kuti iwabwereze maulendo mamiliyoni osatopa.

Njira yomweyi imagwira ntchito pamunda umodzi. Dothi lili ngati mtsuko. Madzi a lero ndi madzi a dzulo, kuphatikiza mvula imene yagwa, kuchotsa amene mbewu yamwa ndi amene dzuwa laumitsa. Mwachitsanzo, ngati dothi lofika mizu likusunga mamilimita 60 ndipo chimanga chomasula ngayaye chikutha mamilimita 5 patsiku, theka la madzi limatha m'masiku 6, ndipo apa m'pamene chimayamba kufota. Mvula ya mamilimita 10 imangowonjezera masiku awiri, ngakhale kuti milimita imodzi pahekitala ndi malita 10,000. Chimanga chimafuna mamilimita pakati pa 500 ndi 800 panyengo yonse, koma chofunika kwambiri n'chakuti madziwo agwe liti.

Samu imeneyi mwana wa sekondale angaichite m'kope. Akailemba m'chilankhulo cha kompyuta monga Python, chimene n'chaulere ndipo chimatheka ngakhale pafoni ya Android, mizere yochepa chabe ingathe kuyesa masiku onse obzalira kuyambira Novembala mpaka Januwale, pogwiritsa ntchito mvula ya zaka zambiri zapitazo. Yankho lake ndi limene mlimi amafuna: kubzala sabata yakuti kunapambana zaka zingati, kunalephera zaka zingati, ndipo mbewu yocha msanga ikanapulumutsa zingati.

Malo ophunzirira alipo m'chigawo cha Tete momwemu. Ku Songo kuli Instituto Superior Politécnico de Songo, mumzinda wa Tete muli Instituto Superior Politécnico de Tete, ndipo ku Ulónguè, m'boma la Angónia, kuli nthambi ya zaulimi ya Universidade Zambeze. Wofuna maphunziro a zanyengo enieni amawapeza ku Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo. Komabe wachinyamata wa kumalire amakumana ndi zopinga asanafike kumeneko: magetsi, mtengo wa intaneti, ndi phunziro la kompyuta lophunzitsidwa pabolodi popanda makina okhudza. Amene apyola zonsezi nthawi zambiri amakopeka ndi ntchito za kumigodi ya malasha ku Moatize kapena za mumzinda.

Palinso chenjezo lochokera kwa Richardson yemwe uja. Ulosi wake unalakwika kwambiri, makamaka chifukwa cha manambala amene anayambira. Kompyuta ikapatsidwa manambala olakwika imabweza yankho lolakwika, koma looneka lodalirika. N'chifukwa chake sitepe yoyamba ku Nsadzo si kugula makina okwera mtengo. Ndi kuika chida choyezera mvula pasukulu iliyonse, n'kumalemba m'kaundula m'mawa uliwonse, tsiku la mvula ndi tsiku louma lomwe. Nzeru za akuluakulu, amene amadziwa dambo losunga chinyezi ndi mtunda wouma msanga, n'zofunikanso poyesa ngati pulogalamu ikunena zoona.

Bungwe la United Nations likufuna kuti pofika kumapeto kwa 2027 munthu aliyense padziko azilandira chenjezo la ngozi za nyengo nthawi ikadalipo. Kumadera ngati Chifunde, cholingachi chidzayezedwa ndi zinthu zooneka: ngati ofesi ya zaulimi ya boma, SDAE, ili ndi kaundula wa mvula wa dera lililonse, ngati masukulu a sekondale akuphunzitsa masamu ndi manambala a mvula ya kwawo, ndiponso ngati mlangizi angathe kuuza mlimi m'chilankhulo chake kuti dothi lake lipirira masiku angati. Kaundula woyambika mvula ya chaka chino ndi amene adzapatse alimi yankho lodalirika zaka khumi zikubwerazi.