Masamu ndi Thumba la Malipiro m'Maseŵera a Hockey

Ku Canada ndi ku United States maseŵera a hockey amachitikira pa bwalo la madzi oundana. Timu iliyonse imaloŵetsa anthu asanu ndi mmodzi pa nthaŵi imodzi, ndipo amalimbirana kamphira kophwatalala kotchedwa puck, kamene amakamenya ndi ndodo zokhota kumapeto. Bungwe lalikulu la maseŵeraŵa ndi National Hockey League, mwachidule NHL, ndipo lili ndi matimu 32.

M'chaka cha maseŵera cha 2004-05 bwalo linagona, chifukwa eni matimu ndi oseŵera anasemphana pa nkhani ya malipiro. Pogwirizana, anaika malire a ndalama zimene timu imodzi ingalipire oseŵera ake onse pa chaka. Malire oyamba anali madola 39 miliyoni. M'chaka cha 2025-26 anafika madola 95.5 miliyoni. Chiyambire pamenepo timu yolemera siingathe kusesa akatswiri onse monga kale. Thumba ndi lofanana kwa onse, ndipo mkulu wa timu akapatsa munthu mmodzi zochuluka, wachepetsa zogaŵira anzake otsalawo.

Apa ndi pamene masamu analoŵera. Zigoli m'maseŵera aŵa n'zochepa, ndipo zambiri zimaloŵa mwamwayi, puck itagunda mwendo wa munthu n'kupatuka. Tsono kuyeza woseŵera ndi zigoli za chaka chimodzi kuli ngati kuyeza mlimi ndi zokolola za chaka cha mvula yabwino. Anthu wamba okonda maseŵeraŵa, olemba pa intaneti, anayamba kuŵerenga china: pamene woseŵera ali m'bwalo, timu yake yaponya puck kugolo kangati, ndipo adani aponya kangati, kaya yaloŵa, yaphonya kapena yatchingidwa. Chiŵerengero chimenechi chimatchedwa Corsi, potengera dzina la Jim Corsi, amene ankaphunzitsa otchinga pagolo ku Buffalo Sabres. Pambuyo pake anayamba kuyezanso malo amene puck yaponyedwera, popeza kuponya uli pakhomo pa golo sikufanana ndi kuponya uli kutali.

Mtengo wa kusaŵerenga unaonekera ku Toronto. Mu 2013 timu ya Maple Leafs inapangana ndi David Clarkson zaka 7 pa madola 36.75 miliyoni. Munthuyu anali atagoletsapo zigoli 30 ku New Jersey, koma m'chaka chimodzi chokha. Chaka chake choyamba ku Toronto anagoletsa 5 m'maseŵera 60, ndipo mu February 2015 anamutumiza ku Columbus. Nthaŵi imeneyo n'kuti timuyo italemba kale ntchito Kyle Dubas, mnyamata wa zaka 28 wodziŵika ndi kukhulupirira ziŵerengero, mu July 2014.

Chitsanzo cha mbali inayo ndi Carter Verhaeghe. M'chaka cha 2019-20 anagoletsa zigoli 9 zokha ku Tampa Bay, kumene ankaseŵera mphindi zochepa chifukwa patsogolo pake panali akatswiri. Funso limene amasamu amafunsa pa munthu wotere silakuti wagoletsa zingati, koma lakuti pa mphindi zimene anapatsidwazo anachita zotani. Florida Panthers inamutenga mu 2020 pa madola 1 miliyoni pa chaka, ndalama imene m'maseŵeraŵa ndi ya woyamba kumene. M'chaka cha 2022-23 anagoletsa 42. Mu 2024 ndiye anagoletsa chigoli choyamba pa maseŵera otsiriza olimbana ndi Edmonton, tsiku limene Florida inatenga chikho cha Stanley Cup koyamba. Inachitenganso mu 2025.

Komabe masamu si mankhwala. Arizona Coyotes inapereka timu m'manja mwa John Chayka mu 2016, ali ndi zaka 26, ndipo anachoka mu 2020 wopanda chikho. Nayo Carolina Hurricanes, imene kuyambira 2014 inali ndi Eric Tulsky, katswiri wa sayansi ya chemistry amene mu 2024 anakhala mkulu wa timuyo, inalekerera Gustav Forsling mu January 2021. Anamutola ndi a Florida omwewo, ndipo anakhala mmodzi wa otchinga kumbuyo odalirika m'zikho zonse ziŵiri.

Vuto lalikulu n'lakuti kutchipa sikukhalitsa. Woseŵera akangoonekera, mtengo wake umakwera, ndipo matimu enanso ali ndi oŵerenga awo amene akuyang'ana ziŵerengero zomwezo. Mu 2024 Forsling anasaina mgwirizano wa zaka 8 pa madola 46 miliyoni, ndipo Verhaeghe wa zaka 8 pa madola 56 miliyoni. Munthu amene anabwera pa miliyoni imodzi tsopano akudya 7 miliyoni pa chaka m'thumba lomwe lija, ndipo ndalama zoonjezerazo ziyenera kuchoka pa malo a wina m'timumo.