Chenjezo kwa Mtundu wa Amalawi: Juga Yalowa M'nyumba Zathu

Makolo, mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, ndi inu aphungu a Nyumba ya Malamulo, tcherani khutu.

Maiko ena akadakangana ngati kasino ndi woyenera kuloledwa. Kuno kwathu nkhaniyi inagamulidwa kale: lamulo la mu 1996 linavomereza juga ya chiphaso, ndipo la mu 2022 linakhazikitsa bungwe la MAGLA loyang'anira masewerowa. Oikira kumbuyo juga amati imabweretsa msonkho, ntchito ndi alendo odzaona malo. Sitikukana. Koma mu 1996 kasino anali nyumba ya m'tauni, ya mlonda pakhomo, ndipo Airtel Money ndi Mpamba kunalibe. Lero kasino ali m'thumba la mwana wanu, ndipo satseka usiku.

Tamuonani mnyamata wakabaza ali pa siteji, maso tong'o pa foni. Akusewera Aviator, ija tikuitcha kandege. Kandegeko kakukwera, ndalama ikuchuluka, chala chili m'malere, mtima ukuti "dikira pang'ono". Basi kauluka. Akuti, "Ndadyedwa, koma ndibweza." Mawu amenewa ndiwo akutha anthu. Akayamba kubweza amatenga ya ndiwo, kenako ya fizi, ya feteleza, mpaka ya banki m'khonde imene mayi ake anamutuma kukapereka. Mapeto ake ndi katapila, ndipo wakatapila sadziwa za tsoka.

Musanamizidwe kuti ndi nkhani ya mwayi kapena nzeru. Gudumu la ruleti lili ndi manambala 37, koma mukalasa nambala amakulipirani ka 35 kokha. Ndiye kuti pa K100,000 iliyonse yobetchedwa, pafupifupi K2,700 imatsalira mwini nyumba, tsiku ndi tsiku, kaya inu mwadya kaya mwadyedwa. Masewera onse a kasino anawakonza chomwecho. Wopambana mmodzi amene amamujambula atanyamula cheke chachikulu walipidwa ndi ndalama za anzake ambirimbiri amene palibe amawajambula.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limaika chizolowezi cha juga m'gulu la matenda. Wodwalayo amabisa foni, amanama, sagona, amakalipa zilizonse, ndipo katundu amayamba kusowa m'nyumba. Ena, ngongole zikawapanikiza, amafika poganiza zodzipha. Mukaona zizindikirozi musamuseke, musamuthamangitse. Mutengereni kuchipatala cha boma chapafupi, ku St John of God ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, kapenanso ku Zomba Mental Hospital.

A MAGLA, lamulo likuletsa ana osakwana zaka 18 kutchova juga. Litsatidwe pa foni pomwe, osati pakhomo la kasino pokha. Aphungu, chepetsani malonda a juga pa wailesi nthawi ya mpira, ndipo gawo la msonkho wa juga lipite kothandizira odwala. Makolo, madzulo ano funsani mwana wanu kumene ndalama za mu foni yake zikupita.