Tikamanyanyala Sitolo, Tizinena Chomwe Tikufuna

Alimi anzathu a ku Chigaru, Lirangwe ndi Chileka, tiyeni tikumbuke mwezi wa Epulo 2015. Abale athu atazunzidwa ndi kuthamangitsidwa ku Durban ndi Johannesburg, bungwe la CAMA, motsogozedwa ndi a John Kapito, linamema Amalawi kuti anyanyale sitolo za ku South Africa monga Shoprite, Game ndi PEP. Tsiku lakelo sitolozi zinatsekedwa. Tinaona tokha kuti ndalama ya wogula imalankhula.

Cholingacho chinali chabwino, koma zitseko zitatsegulidwanso, mlimi wa tomato anabwerera kwa mavenda pa msika wa Lunzu, mtengo uli womwe uja wolira.

Anzathu a ku Luangeni, kufupi ndi Chipata ku Zambia, anadandaula kuti Shoprite yawalanda msika wa ndiwo zamasamba, mpaka anaopseza kuti atentha sitoloyo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anakhala pansi ndi akuluakulu ake, nagwirizana kuti azigulitsako masamba awo. Zotentha sitolo sitikuzivomereza ayi, koma phunziro lilipo: mkwiyo wawo unali ndi pempho lomveka.

Nafenso tikamanyanyala, tizinena poyera chomwe tikufuna. Sitolo zazikulu zizigula tomato, anyezi ndi kabichi wakuno pa mgwirizano wolembedwa, ndipo zizilipira msanga. Izi zingatheke pokhapokha makalabu athu atamasonkhanitsa zokolola zosankhidwa bwino chaka chonse, dimba osaligoneka. Mutu umodzi susenza denga. Nkhaniyi tikaikambirane pa msonkhano wa kalabu ukubwerawu.