ZA M'MAIKO ENA: Mafuta Ocinjiriza Khungu ku Dzuwa Aletsedwa pa Zisumbu

Kum'mawa kwa dziko la Philippines, m'nyanja yamcere ya Pacific, kuli kadziko ka zisumbu kochedwa Palau. Anthu ake sakwana 20,000, koma pa 1 Januwale 2020 dzina lake linamveka kutali. Tsiku limenelo boma linaletsa kugulitsa kapena kulowetsa m'dzikomo mafuta odzola ocinjiriza khungu ku dzuwa okhala ndi mankhwala 10 amene linawaona kuti ndi oopsa. Lamulolo, limene Pulezidenti Tommy Remengesau anasaina mu 2018, linaika faindi yofika madola 1,000 kwa wasitolo wogulitsa mafutawo, ndipo linalola kuwalanda kwa mlendo wobwera nao.

Cimene boma la Palau linali kuteteza ndi matanthwe a korali. Poyang'ana aoneka ngati miyala ya maluwa-maluwa, koma ndi amoyo. Amamangidwa ndi tizilombo ting'ono-ting'ono timene timadzikuta ndi cigoba ca laimu, m'badwo wina pamwamba pa unzace, kwa zaka zikwi zambiri. M'thupi mwa tizilomboto mumakhala ndere zosaoneka ndi maso, zimene zimatipangira cakudya ndi kuwala kwa dzuwa ndi kutipatsa mtundu wokongola. Korali akavutika amataya nderezo, nayera ngati phulusa, ndipo zikacedwa kubwerera amafa ndi njala. Matanthwewa sakwana gawo limodzi mwa magawo 100 a pansi pa nyanja, komabe pafupi-fupi mtundu umodzi mwa mitundu 4 iriyonse ya zamoyo za m'nyanja umawadalira. Nsomba zimaswana momwemo, asodzi amapeza ndiwo, ndipo mafunde amasweka pomwepo asanafike pa midzi ya m'gombe.

Alendo odzasamba pa nyanja amadzola mafutawa thupi lonse, ndipo ena amasukuluka m'madzi. Mu 2015 katswiri Craig Downs ndi anzace anafalitsa zimene anapeza pa mankhwala ochedwa oxybenzone: amapundula ana a korali ndi kuwayeretsa, ngakhale atakhala ocepa kwambiri m'madzimo. Mu 2022 akatswiri a pa yunivesite ya Stanford anaonetsa kuti zamoyo za mtundu umenewu zimasandutsa oxybenzone kukhala ululu umene umapweteka dzuwa likawala.

Palau sinali yokha. Ku Hawaii, Bwanamkubwa David Ige anasaina mu Julayi 2018 lamulo loletsa kugulitsa mafuta a oxybenzone ndi octinoxate popanda kalata ya dotolo, ndipo linayamba pa 1 Januwale 2021. Mu Ogasiti 2021 dziko la Thailand linaletsa mankhwala 4 m'malo ace otetezedwa a m'nyanja, faindi yace mpaka 100,000 baht.

Koma si onse anabvomereza. Madotolo ena a khungu anaopa kuti anthu adzaleka kudzola, ndipo khansa ya pakhungu idzacuruka. Mzinda wa Key West unapanga lamulo lotere mu 2019, koma boma la Florida linalifafaniza mu 2020 lisanayambe. Akatswiri ena akuti zoyesa za m'nyumba yopimira zimagwiritsa nchito mankhwala ambiri kuposa amene apezeka m'nyanja. Onse agwirizana pa mfundo imodzi: mdani wamkulu wa korali ndi kutentha kwa madzi cifukwa ca kusintha kwa nyengo. Pakati pa 2009 ndi 2018 dziko lapansi linataya magawo 14 mwa 100 a korali wace, makamaka cifukwa ca kutenthako. Ocirikiza malamulowa amayankha kuti kadziko ka zisumbu sikangaziziritse nyanja, koma kangathe kuletsa botolo la mafuta, pakuti madzi akatayika saoleka.

Zambia iribe nyanja yamcere ngakhale korali, koma nkhaniyi ikhudza mabanja amene ali ndi ana acialubino. Kwa iwo mafuta ocinjiriza dzuwa si odzikongoletsera ai. Ndi chinjirizo ku zilonda ndi khansa ya pakhungu, imene imapha ambiri a iwo asanakalambe. Kholo lisamve mbiri ya ku Palau ndi kuleka kudzoza mwana. Malamulo aja aletsa mankhwala ena okha, ndipo mafuta opangidwa ndi zinc oxide kapena titanium dioxide aloledwa ngakhale ku Hawaii komweko. Maina a mankhwala amalembedwa pa botolo, ndipo a ku cipatala angathandize kuwawerenga. Pamodzi ndi mafutawo, mwana wotere afunika cipewa ca mlomo waukulu, malaya a manja atali, ndi mthunzi dzuwa likafika pamutu.