Njinga ikakana kulira musathamangire kumasula injini

Mvula yatha, misewu yayamba kuuma, ndipo ino ndi nyengo imene ambiri tikutulutsa njinga zamoto zimene zagona pakhonde dzinja lonse. Ndikunena zakale zija zazitali, Yamaha DT 125, AG 200 ndi Honda XL, zimene ankayendera alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo, ife n'kudzazigula zitakalamba. Munthu aponda kiki kakhumi, thukuta lili kamukamu, njinga ili zii. Mawa lake mungomva kuti waitana makaniko, injini yamwazidwa pa thumba la feteleza, ndalama ya soya yapita.

Ine maganizo anga ndi akuti kumasula injini kuzikhala komalizira. Nthawi zambiri vuto limakhala laling'ono, loti mwini wake atha kulipeza ndi sipanala ya pulagi ndi sikuludiraiva basi. Injini imafuna zinthu zitatu: moto, mafuta ndi mpweya. Chimodzi chikasowa siingalire. Ntchito yanu ndi kufufuza chimene chasowacho, kuyambira pamene simuwononga ndalama.

Musanagwire sipanala, onani kaye zooneka ndi maso. Kiyi mwatsegula? Kaswitchi kofiira ka pa chiwongolero kali pati? Ana amakonda kukaseweretsa kameneka, ndipo kakakhala pa OFF mutha kuponda mpaka mwendo kutupa. Tapu ya mafuta nayo muione, mwina petulo watsika ndipo ikufunika kuikidwa pa RES. Ngati kwazizira kokani choko. Musaseke, zimenezi zadyetsa anthu ambiri ndalama.

Kenako moto. Masulani pulagi muiyang'ane. Ikakhala yofiirira pang'ono ngati dothi louma, ili bwino. Ikakhala yakuda ndi mwaye, itsukeni ndi kaburashi ka waya. Ikakhala yonyowa ndi petulo, ndiye kuti njinga yamwa mafuta ambiri chifukwa choponda kiki choko chili chokoka. Pamenepo tsekani tapu, bwezani choko, pondani kangapo pulagi ili kunja, muiumitse n'kubwezera. Kampata ka kunsonga kwa pulagi kasakhale kakakulu, pa njinga zimenezi kamakhala pakati pa 0.6 ndi 0.8 mm. Kuti muone moto, ikani pulagi m'kapu yake, muigunditse pa chitsulo cha injini kutali ndi bowo lake, mugwire pa labala pokha, wina aponde. Muchite pa mthunzi kuti muone bwino. Moto wabwino ndi wabuluu ndipo umamveka kuti the the. Ukakhala wofooka kapena palibiretu, bwerekani pulagi ya mnzanu wa njinga ya mtundu womwewo muyese. Ikakananso, tsatirani mawaya, chifukwa makoswe amene amadya chimanga chathu sasiya waya wa njinga. Ndipo musathamangire kugula batire. Zambiri mwa njinga zakalezi moto wa ku pulagi zimaupanga zokha mukaponda kiki, batire ndi ya hutala ndi maindiketa.

Moto ukapezeka, pitani ku mafuta. Apa ndi pamene pamagona matenda ambiri a njinga yokhalitsa. Petulo wa kuno kwathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, amene anayamba kupangidwa ku Dwangwa mu 1982, ndipo wina amachokera ku Chikwawa. Ethanol amakoka chinyezi. Njinga ikakhala miyezi ya mvula ndi mafuta ochepa m'thanki, pansi pamakhala madzi, thanki n'kuyamba dzimbiri. Onjezani apo mafuta a m'mabotolo amene timagula m'mbali mwa msewu pamene filing'i siteshoni ili kutali, amene sitidziwa chigubu chake chinasungapo chiyani. Pansi pa kabureta pali kasikuluu kotayira mafuta. Kamasuleni, mukhetsere m'botolo loonekera mkati. Madzi akakhalamo muwaona akhazikika pansi, petulo ali pamwamba. Ngati sikutuluka kanthu, paipi kapena kasefa ka m'tapu katsekeka.

Njira ina yachidule ndi iyi. Thirani timadontho tingapo ta petulo watsopano m'bowo la pulagi, bwezerani pulagi, pondani. Njinga ikalira pang'ono n'kuzima, mwadziwa kuti injini ndi yamoyo, koma mafuta ndi amene sakufika. Kawirikawiri kamakhala kajeti kakang'ono ka m'kabureta, kabowo kake n'kochepa kwambiri moti petulo wakale akauma amakamata. Katsukeni ndi petulo woyera, mukapemerere ndi pampu ya njinga yakapalasa mpaka muone kuwala mukakayang'anitsa kudzuwa. Musakachokochole ndi singano. Bowo likakula njinga idzayamba kumwa mafuta ngati thirakitala.

Chachitatu ndi mpweya. Tsegulani bokosi la fyuluta. Yanga ndinapezamo chisa cha khoswe, makoko a mtedza ali tho. Siponji ikakhala yodzaza fumbi ichapeni ndi sopo, iume, muipake oilo pang'ono. Yang'ananinso ku ekizozi, mavu aja omanga ndi dothi amakonda kumata pakamwa pake, ndipo njinga yosatulutsa utsi siingakoke mpweya. Pomaliza tsekani bowo la pulagi ndi chala chachikulu, wina aponde kiki. Mpweya uyenera kukankha chala mwamphamvu kuti phu. Ukakhala wofooka, kiki n'kumangotsika mopepuka ngati palibe kanthu, apo ndiye vuto lili m'kati: maring'i a pisitoni atha, kapena mavavu pa njinga ngati XL ndi AG 200. Pamenepo pokha ndi poitana makaniko.

Ndisanamiziridwe kuti ndikudana ndi amakaniko. Alipo odziwa ntchito, ndipo mumawazindikira msanga: amayamba ndi kufunsa kuti njinga inazima bwanji, yakhala nthawi yaitali bwanji, kenako amamasula pulagi. Amene akungofika n'kunena kuti injini yonse itsike asanaone ngakhale moto, ameneyo waona thumba lanu. Injini yotsegulira pa fumbi la pabwalo, gasiketi n'kudula ya katoni, kawirikawiri siibwerera mwakale. Mukamuitana mukhalepo, ndipo chitsulo chilichonse chimene wachotsa akusiyireni.

Ena amati bwanji osangogulitsa chikalambacho n'kugula ya ku China ngati za anyamata a kabaza, poti masipeya ake ali pa tauni iliyonse ndipo ndi otsika mtengo. Pa masipeya akunena zoona, za Yamaha ndi Honda zenizeni zimadula ndipo zimavuta kupeza. Koma amene amadutsa dambo mwezi wa Febuluwale amadziwa kusiyana kwake. Njinga yaitaliyi imadutsa matope ndi miyala pamene zinazo zimagunda mimba pansi. Ndipo ngakhale mutafunadi kugulitsa, musagulitse ili chizimire. Njinga yosalira amaigula pa mtengo wa zitsulo zakutha. Wogulayo akatsuka kajeti kaja, mawa mumuona akudutsa nayo pakhomo panu akuliza hutala.

Chimene ndikulimbikira nkhaniyi n'chakuti kumudzi njinga yamoto si yonyadira ayi. Ndi imene imanyamula tomato asanavunde, ndi imene anthu amagogodera usiku mayi woyembekezera akayamba kudwala chipatala chili kutali. Usiku ngati umenewo makaniko simungamupeze. Amene adziwa kuona moto, kukhetsa madzi m'kabureta ndi kuumitsa pulagi ndi amene angafikitse munthu kuchipatala. N'chifukwa chake ndimati aliyense wokhala ndi njinga aphunzire zitatuzi, aphunzitsenso amayi a kunyumba ndi mwana wamkulu. Sizifuna sukulu, ine ndinalekezera ku pulaimale. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kuti chaka chamawa musavutikenso, muziiliza kamodzi pa sabata ngakhale mulibe ulendo. Mukafuna kuisunga nthawi yaitali tsekani tapu, muisiye ilire mpaka izime yokha kuti m'kabureta musatsale mafuta. Mafuta a m'botolo muzisefa ndi kansalu koyera. A DT musaiwale kuona kathanki ka oilo wa 2T musanaponde, chifukwa ikalira popanda oilo ameneyu pisitoni imagwira, ndipo apo ndiye mbuzi igulitsidwa ndithu. Pulagi yapadera ndi sipanala yake zizikhala pa njinga nthawi zonse.