Mlandu wa Fischer sunali wosewera chesi

Pakati pa okonda chesi pali nkhani imene yafala kwambiri: akuti Bobby Fischer, katswiri wa ku America uja, boma la kwawo linamusaka mpaka kumutsekeretsa chifukwa chongosewera chesi basi. Ofalitsa nkhaniyi amawonjezera kuti masewero ndi ndale siziyenera kusakanizidwa. Ife tikukana. Nkhaniyi aidula mutu ndi mchira, ndipo chimene achotsacho ndiye mlandu weniweni.

Pa 30 May 1992, nthambi yachitetezo ya bungwe la United Nations inakhazikitsa ziletso pa dziko la Yugoslavia, kutanthauza Serbia ndi Montenegro, chifukwa cha nkhondo ya ku Bosnia. Mzinda wa Sarajevo unali utazingidwa kale kuyambira mu April, anthu akuphedwa popita kukatunga madzi. Ziletsozo zinakhudza malonda, ndalama ndi masewero omwe, moti timu ya mpira ya Yugoslavia inachotsedwa mu mpikisano wa mayiko a ku Ulaya chaka chomwecho, malo ake n'kulowa Denmark. Mu June, Pulezidenti George H. W. Bush anasainira lamulo loletsa nzika za America kuchita bizinesi iliyonse ndi dzikolo.

Fischer ankadziwa zonsezi. Boma lake linamulembera kalata yomuchenjeza kuti asakasewere mpikisano wa chesi ku Yugoslavia. Pa 1 September, pamaso pa atolankhani ku Sveti Stefan, iye anatulutsa kalatayo n'kuilavulira. Mawa lake anayamba kusewera ndi Boris Spassky, patebulo pali madola 5 miliyoni. Atapambana anatenga madola 3.35 miliyoni. Bawo ya pansi pa mtengo palibe amene angakumangireni, koma uwu unali mgwirizano wa ndalama ndi mwini banki wa ku Belgrade, Jezdimir Vasiljević, ndipo mpikisanowo unali kuonetsa dziko lonse kuti ziletso zikhoza kunyozedwa poyera. Mu December chaka chomwecho boma la America linamutsegulira Fischer mlandu umene chilango chake chikanafika zaka 10 m'ndende ndi chindapusa cha madola 250,000.

Kuno ku Luwani sitifunika kufotokozeredwa kuti nkhondo imatani ndi anthu. Msasa wathu unasunga abale a ku Mozambique amene anathawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, ndipo pangano lothetsa nkhondoyo linasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, Fischer ndi Spassky akadali pakati pa mpikisano wawo. Msasawu unatsekedwa mu 2007, koma mu 2016 unatsegulidwanso, mabanja ochokera ku Tete akusamutsidwa kuchoka ku Kapise. Amene anaona mayi akutsika m'basi, mwana kumsana, mtolo wa ziwiya pamutu, sangavomere msanga kuti ndalama zolowa ndi kutuluka m'dziko limene likukolezera nkhondo ndi nkhani ya masewero chabe.

Ndiponso Amalawi tinaona tokha mphamvu ya kufinya boma pa chuma. Mu May 1992 mayiko otithandiza, atakumana ku Paris, anaimitsa thandizo lachitukuko chifukwa cha kuphwanya ufulu wa anthu mu ulamuliro wa Kamuzu Banda. Pa 14 June 1993 tinali pamzere wa riferendamu. Ziletso zimapweteka osauka, zimenezo n'zoona ndipo zimatiwawa, koma zimapweteka kwambiri pamene wamba akuvutika nazo, wotchuka n'kumadutsa ngati palibe lamulo.

Pali mbali imene omuikira kumbuyo akunena zoona. Spassky, amene panthawiyo anali nzika ya France, sanaimbidwe mlandu, ndipo mu 2004 analembera Pulezidenti George W. Bush kuti ngati akumanga Fischer amangenso iyeyo, awaike m'chipinda chimodzi ndi bolodi ya chesi. Kusiyana kumeneku kukuonetsa kuti ziletso za United Nations zimadalira lamulo la dziko lililonse palokha, ndipo mayiko ena amazengereza. Kusunga Fischer, munthu wa zaka zopitirira 60, m'chitokosi ku Japan kwa miyezi yoposa 8 nakonso kunali kowawa.

Komabe tinene molondola. Fischer sanaweruzidwepo m'khoti pa mlanduwu, chifukwa sanabwererenso ku America kukauyankha. Anamugwira pa bwalo la ndege la Narita ku Japan mu July 2004 chifukwa pasipoti yake inali itathetsedwa, ndipo mu March 2005 dziko la Iceland linamupatsa unzika n'kumutenga. Anamwalira ku Reykjavik pa 17 January 2008, osagwirako ukaidi wa zaka 10 uja, osalipira chindapusa chija.

Amene analipira ndi anthu wamba a ku Serbia. Banki ya Vasiljević, Jugoskandik, inali yachinyengo, yokopa anthu ndi chiwongoladzanja chachikulu. Mu March 1993, patangopita miyezi 4 mpikisano utatha, mwini wakeyo anathawa m'dzikomo, banki n'kugwa, ndipo ndalama zimene anthuwo anasungitsa zinapita.