Zakumwa za Masewera Zopanda Shuga: Kodi Muli Ciani M'botolo?

M'masitolo akuluakulu a mu Lusaka ndi m'mizinda ina, zakumwa za anthu ocita masewera zolembedwa kuti "zero" zayamba kupezeka pafupi ndi zija za shuga. Ambiri akuzigula poganiza kuti n'zopatsa thanzi, maka nyengo yotentha ya October. Koma funso ndi lakuti, kodi zimathandiza ndani, ndipo pa nthawi iti?

Zakumwa za mtunduwu zinachuka kucokera mu 1965, pamene akatswiri a pa University of Florida ku America anapanga Gatorade kuti ithandize osewera mpira amene anali kutaya thukuta lambiri. Munali madzi, mcere ndi shuga. Masiku ano botolo la theka la lita la cakumwa cotere limakhala ndi shuga wokwana magalamu pafupifupi 30, kapena timasipuni 7. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza mu 2015 kuti shuga woonjezera asafike pa gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu imene munthu amapeza m'cakudya, amene ndi magalamu pafupifupi 50 pa tsiku kwa munthu wamkulu. Kuno kwathu, boma linaika msonkho wa 30 ngwee pa lita ya zakumwa zosaledzeretsa mu 2019.

M'botolo lopanda shuga mumatsala madzi, mcere wa sodium ndi potassium, citric acid wopatsa kuwawasa, utoto ndi zonunkhiritsa. M'malo mwa shuga amaikamo zotsekemeretsa zopangidwa m'fakitale monga sucralose, amene amatsekemera kuwirikiza nthawi 600 kuposa shuga, ndi acesulfame potassium. Cifukwa ca ici, cakumwaco cimabwezeretsa madzi ndi mcere pang'ono, koma sicipatsa minofu mphamvu. Wothamanga mtunda wautali kapena wosewera mpira kwa mphindi 90 amafunabe cakudya kapena cakumwa cokhala ndi shuga.

Nanga amene afuna kucepetsa thupi? Mu May 2023, WHO inalangiza anthu kuti asadalire zotsekemeretsa zimenezi pofuna kuonda, popeza umboni suonetsa kuti zimathandiza pakapita nthawi yaitali. Langizolo silinakhudze anthu amene ali kale ndi matenda a shuga, amene ayenera kutsatira zimene auzidwa kucipatala. Odwala BP akumbukire kuti m'zakumwazi muli mcere, ndipo WHO imati munthu asapitirire magalamu 5 a mcere pa tsiku.

Ngozi yaikulu ili pa matenda otsegula m'mimba. Mliri wa kolera umene unayamba mu October 2023 unacititsa kuti bwalo la National Heroes Stadium lisandutsidwe malo ocizira odwala mu January 2024. Pa nthawi ngati imeneyo, kholo likhoza kuganiza kuti botolo lolembedwa "electrolytes" lingalowe m'malo mwa ORS. Zimenezo si zoona. ORS amagwira nchito cifukwa shuga wa glucose ndiye amathandiza matumbo kuyamwa sodium pamodzi ndi madzi. Cakumwa copanda shuga cilibe glucose, ndipo mcere wake ndi wocepa kwambiri poyerekeza ndi wa mu ORS. Mwana wotsegula m'mimba apatsidwe ORS ndi zinc, monga zopezeka mu Kit Yamoyo, ndipo apite naye kukiliniki msanga.

Motero mau akuti "zopanda shuga" amangotiuza cimene cacotsedwa m'botolo. Kwa munthu woyenda pansi, wolima m'mawa kapena wocita masewera osapitirira ola limodzi, madzi abwino akumwa ndi cakudya ca masiku onse n'zokwanira. Amene asankha kugula, ayambe awerenga zimene zalembedwa kumbuyo kwa botolo asanatulutse ndalama.